Chipewa cha Makutu a Bulu

A Telala ndiwo anasoka chipewacho, koma zaka zonsezo sanachivalepo. Anachisoka ndi zidutswa za nsalu yotuwa zotsala pa suti ya munthu wina, n'kuikapo makutu awiri aatali ngati a bulu. Gulu lawo la okwera njinga linali ndi lamulo limodzi lokha: Loweruka lililonse m'mawa, wofika pomalizira pamwamba pa chitunda cha ku thanki ya madzi azivala chipewacho mpaka kubwerera m'tauni, anzake akumuimbira mabelu ndi kumunena. Ndipo kunena ankanenadi anthu aja. Munthu wamkulu, wa adzukulu, ankafunsidwa ngati wadya miyala. Wapakamwa kuposa onse anali a Telala, poti miyendo inkawalola. "Kodi njingayo ili ndi pakati?" ankakuwa motero ali pamwamba, thukuta litauma kale.

Kenaka kunabwera sitiroko. Inawapeza pa makina osokera, n'kuwasiyira mwendo wakumanzere wolemera ngati wobwereka. Kunena zoona, anzawo sanawataye. A Makaniko anawaikira giya yofewa n'kutsitsa chishalo. A Nesi, mayi yekhayo wa m'gululo, ankabwera kudzawagwirira njinga pabwalo mpaka anayambanso kupalasa okha. Chimene a Telala ankafuna chinali chimodzi: kubwerera pakati pa anzawo monga kale.

Loweruka lomwe anabwerera, gulu silinalowere kuchitunda. Linakhotera kumsewu wosalala wa kuseri kwa mafakitale, wotsata njanji.

"Msewu wa kuthanki akuukonza, achimwene," anatero Aphunzitsi, omwe ankatsogolera.

Ngakhale pamsewu wopanda chitundawo, a Telala anafika pomalizira, akupuma ngati pampu yobooka. Mtima wawo unali phee, wokonzeka. Lero ndilo tsiku loti andibwezere, anaganiza motero, ndipo anayamba kale kumwetulira. Koma anthu aja anawaombera m'manja.

"Chipewa changa chili kuti?" anafunsa.

"Aa, chinatayika chija," anayankha a Makaniko, maso ali pa tcheni.

Zinapitirira choncho. Loweruka lililonse msewu wa njanji, Loweruka lililonse m'manja, monga amachitira ndi khanda likaima lokha. A Telala anayesa kuwaputa. Anauza a Makaniko kuti mimba yawo ikufunika njinga yakeyake. Kale a Makaniko akanabweza mpaka kufika kwa makolo, koma tsopano anangoseka pang'ono n'kuti, "Mukuchira ndithu, achimwene." Zinawawawa a Telala kuposa mwendowo.

Ndiye anaganiza zoti azikaphunzira okha chitunda chija, kuti msewu ukatha kukonzedwa asadzachititse manyazi. Lamulungu m'mawa ananyamuka osauza munthu. Msewuwo anaupeza uli bwinobwino, popanda ndi mulu wa mchenga womwe. Anapalasa mpaka mwendo unakana, n'kutsika, n'kumakankha njinga. Pakati pa chitunda anakhala pansi kuseri kwa khoma la pokwerera basi, mutu ukuzungulira.

Ali pomwepo anamva mabelu akutsetsereka kuchokera kumtunda. Mabelu amenewo akanawazindikira ngakhale ali m'tulo. Anasuzumira pakona pa khoma. Anali anzawo onse, Aphunzitsi patsogolo, enawo pambuyo, akuseka mpaka njinga kupepeluka. Pakati pawo panali a Makaniko, makutu a bulu akukupiza pamutu.

"Njingayo ili ndi pakati!" anakuwa a Nesi. "Mwezi wake ndi uno!"

"Inu mayi, samalani, ndikuchotsani mabuleki!" anabweza a Makaniko.

Anadutsa pafupi kwambiri moti a Telala anaona kuti khutu limodzi linang'ambikapo, ndipo wina analisoka ndi ulusi wakuda, kusoka kwake koipa, kokhotakhota. Choncho chipewa chinang'ambika, gulu lili ndi telala, koma anaona kuti n'kwabwino kuchisoka okha kusiyana n'kubwera nacho kwa iwo. Anakokera njinga yawo kuseri kwa khoma kuti isaoneke. Sanakwiye ayi, bwenzi zili bwino akanakwiya. Anangomvetsa kuti ulendo weniweni unasamukira Lamulungu, ndipo wa Loweruka uja unali wokazonda wodwala.

Sabata yonseyo sanachoke pa makina osokera. Mkazi wawo anafunsa ngati mwendo wayambiranso, iwo anati ayi. Usiku wa Lachisanu sanapope matayala, sanathire mafuta pa tcheni.

Loweruka m'mawa belu linalira pageti. Gululi linali ndi khalidwe lakenso: ukachedwa kutuluka, ankaimba mabelu osaleka mpaka agalu a mzere wonse kuuwa, ndipo tsiku lina anakamutulutsa munthu m'bafa sopo ali kumutu.

"Bambo a ana, anzanu aja afika," anatero mkazi wawo.

"Kawauzeni kuti ndagona."

Mayiyo anawayang'ana, poti anali atavala kale nsapato, koma anapita. A Telala anaima kuseri kwa katani, dzanja lili pachishalo cha njinga yomwe imagona pabalaza. Mumtima ankapempha kuti aimbenso. Akangoimba kachiwiri, akangokuwa kuti ulesi basi, mdala iwe tuluka, iwo atuluka ngakhale matayala ali osapopa.

"Apume, apume," anamveka mawu a Aphunzitsi, aulemu kwambiri. "Muwapatse moni."

Belu silinalirenso. A Telala anakankha katani pang'ono n'kuwaona akupalasa mwakachetechete mpaka pamphambano. Pamenepo anaima, n'kuyang'anana. Kenaka a Nesi anapisa dzanja m'chikwama chawo n'kutulutsa kanthu kotuwa, ndipo gulu lonse linakhotera kuchitunda. Kuseka kunayamba asanabisike n'komwe.