Chingwe cha Mphanda

"Chikwamachi sichichoka pano," anatero Kalioti, atachiponda ndi phazi ngati nkhuku yoti ithawa.

Linali tsiku lotsatira kumeta. Anthu a pamaliro anali atabalalika, panja patangotsala phulusa la zitsa ndi mabenchi a kutchalitchi osabwezedwa. Pakhonde la nyumba ya kampani, kumapeto kwa minda ya nzimbe, panali Kalioti, mkulu wake wa malemu Bauleni, ndi Dailesi, mkazi wa malemuyo, mutu uli mpala. Chapatali pang'ono panagwada Mabel, yemwe ankagwira ntchito ndi Bauleni m'chipinda cha makompyuta ku esiteti.

"Pepani bambo, sindinabwere kudzalanda kanthu," anatero Mabel. "M'chikwamamo muli chingwe cha kuntchito. Ndi chimene anakatenga ku Blantyre."

"Tikuchidziwa. Si chimene chamuphacho? Kampani ikachifuna itume munthu wamkulu, adzatiuze kuti alamu angawa akhala m'nyumba muno mpaka liti. Apo ayi, nkhabe, sichichoka!"

Dailesi mumtima anali nazo zake. Ankangodikira kuti mlamu wakeyo atembenuke, iye anyamule chingwecho akachiponye mu Shire, ng'ona zikaone chochita nacho.

Kompyuta ya kuntchito kwa Bauleni, Dailesi ankaitcha mkazi mnzake, ndipo sankaseka potero. Ikangoima, pakhomo pankafika wanjinga wodzamuitana, Bauleni n'kusiya chakudya m'mbale, ngakhale pemphero pakati. Amayi ake a Dailesi anali kukalamba okha ku Chapananga, ndipo chaka ndi chaka bamboyo ankalonjeza tchuthi chomwe sichinkafika. Loweruka lija, ataona mwamuna wake akufunafuna khadi ya chipani, yomwe munthu sankayenda popanda iyo masiku amenewo, kuti akakwere ulendo wa ku Blantyre, Dailesi anangoti, "Pitani, mukagone nayo kompyuta yanuyo." Sanamuperekeze n'komwe. Pobwerera, lole imene anakwera inaduka mabuleki potsika mapiri.

Imfa inamuwawa, inde. Koma chomwe chinkamudya usana wonse chinali china: munthu uja wafera pa ulendo wa mkazi mnzake. Nanga iye, Dailesi, anali ndani kwa Bauleni?

"Tandiuzani achemwali," analankhula tsopano, mawu ali ouma gwa. "Chingwe chimenechi n'chagolide? Mawaya onse ali mbwee kufakitale aja sanakwane?"

Mabel anasendera pafupi. "Sichili ngati mawaya enawo, mayi. Makompyuta alipo awiri, koma disiki, nkhokwe yosungira mayina a odula nzimbe onse ndi ntchito yawo, ndi imodzi. Pano yolumikizidwa ku nkhokweyo ndi kompyuta imodzi, inayo imangokhala. Chimafunika chingwe cha mphanda, kuti onse awiri azitapa m'nkhokwe imodzimodziyo. Ina ikafa, inzake ipitirize yokha."

"Ndiye chinasowa Malawi yense?"

"Chinasowa. A Bauleni anafunsa ku Limbe, ku Lilongwe, kulibe. Choyamba chinachokera ku Joni, chinachedwa miyezi chifukwa cha nkhondo ya pa msewu wa ku Tete, n'kupezeka kuti n'chachitali kwambiri, makina akuchikana. Chachiwiri chinabwera ndi mutu wa mano ena, osalowa. Mpaka anazula mutu wa chingwe chakale n'kupatsa dalaivala wa thiraki kuti akayerekeze ndi maso ake. Ichi ndiye chinafika ku Blantyre. Galimoto ya kampani inkapita kumapeto kwa mwezi, iwo anati sangadikire."

Dailesi anaseka kuseka kopanda mano. "Eetu. Mkazi wamng'ono sadikira."

"Ayi mayi, musatero," anatero Mabel. "Abwana anawauza kuti tchuthi sapita mpaka makina awiriwo atalumikizana, poti ikaima panalibe wina wodziwa kuidzutsa. Chingwechi n'choti kompyuta isawafunenso. Ankati akangochimanga, akutengani wa ku Chapananga mvula isanagwe, mtsinje wa Mwanza usanadzaze. Ife mu ofesi tinachita kutopa nayo nyimbo imeneyo."

Dailesi anafuna kukhulupirira, komanso anaopa kupusitsidwa ndi mawu okoma a pamaliro.

"Bwanji osandiuza ineyo?"

"Ankati anakulonjezani kale, chingwe n'kubwera cholakwika. Analonjezanso, chimodzimodzi. Ulendo uno anati sayankhula, manyazi. Mungoona akumanga katundu."

Kalioti anatsokomola. "Nkhani yokoma, mayi, koma nkhani sifolera denga. Za nyumba mwanena chiyani?"

"Zimenezo sindingathe kulonjeza, bambo. Ine ndine wamng'ono."

"Mwamva alamu? Ndiye chikwama chikhale."

"Alamu," anatero Dailesi, "chotsani phazi."

"Iii, alamu, ine ndikuchitira inu ndi ana!"

"Ndikudziwa, takhuta, tathokoza. Koma nyumbayi ndi yawo. Tsiku lomwe adzafune adzatitulutsa, chingwe chilipo kaya palibe. Chotsani phazi, ndione chimene anafera mwamuna wanga."

Kalioti anapukusa mutu, nadandaula pansipansi m'Chisena, koma phazi anachotsa. Sanali munthu woipa. Mng'ono wakeyo anamulera yekha, ndipo kulimbana ndi kampani ndi kulira komwe iye ankakudziwa.

Chikwamacho chinali chitang'ambika pangodya, dothi lofiira la kumapiri lidakali m'zipi. Dailesi anachitsegula movutikira. Chingwe chinali momwemo, chotuwa, chonenepa ngati chala chachikulu, chokulungidwa bwinobwino ngati nkhata. Mitu yake itatu inali yovekedwa masokosi a Bauleni kuti mano asapindike. Munthu ameneyu! Ndiye kuti anakwera lole ija nsapato zili pa khungu.

Pakati pa nkhatayo, pamalo osafika bampu, panali kaphukusi ka pepala la khaki. Dailesi anakamasula. Munali nsapato zansalu zachizimayi, zabuluu, zapansi polimba, zoyendera mtunda wautali.

"Nanga izi n'za yani?" anafunsa Kalioti, diso likupita kwa Mabel.

Mabel anapukusa mutu msangamsanga. "Sindikuzidziwa ine, bambo."

Dailesi nayenso anayamba kukayika. Chikwatirane, Bauleni sanamugulirepo nsapato, ndipo saizi ya phazi lake sakanaidziwa. Anapisa dzanja mu nsapato imodzi, napezamo kawaya kofiira, kowongoka, kodulidwa bwino mbali zonse ziwiri. Anakatembenuza, osamvetsa.

Kenaka anakumbukira. Masana ena sabata yathayo, atagona pamkeka pansi pa mtengo wa nimu, anamva chinthu chikumugirigisha kuphazi. Anadzidzimuka n'kupeza Bauleni atanjuta kumiyendo kwake, dzanja kumbuyo, akuseka ngati mwana wakuba shuga. Anamukalipira kuti munthu wamkulu sasewera choncho.

Anatenga chingwe chija ndi manja awiri, masokosi ali momwemo, napatsa Mabel.

"Kamangeni. Masokosiwo mubweze."

Atatero anapinda mwendo, nagoneka kawaya kaja kuphazi kwake. Kanayambira pachidendene n'kuthera ndendende pansonga ya chala chachikulu. Dailesi anakagwira pomwepo osakachotsa, nayamba kulira kulira kumene sanalire tsiku loika maliro.