Mizere Itatu ya Chinangwa

"Agogo, galimoto yanu ija mumanena tsiku ndi tsiku, imagona kuti?"

Anafunsa choncho ndi Hannah, mdzukulu wa a Jairos Manda, ali ndi zaka zisanu. Anthu anaseka, a Jairos nawonso anaseka, koma funsolo silinawachoke m'mutu.

Galimotoyo inalipo ndithu, kungoti inali isanagulidwe. A Jairos anagwira ntchito yoyendetsa lole ku esiteti ya mphira kufikira atapuma, ndipo chipumireni ankasankha pikapu yoti adzagule. Anali atafika pa imodzi: ya zitseko ziwiri, ya kumbuyo kwakutali, injini ya dizilo, giya yosintha ndi dzanja. Ankati ya petulo imathamanga bwino ikakhala yopanda katundu, koma ukaisenzetsa matumba a mpunga wa ku Limphasa n'kuyamba chitunda cha ku Mzuzu, imalira ngati mbuzi yomangidwa. Dizilo amakoka osadandaula. Mwana wawo Tumbikani, amene ali ku Joni, analonjeza kuti adzathandiza, koma chaka chilichonse ankati chaka chamawa.

Amene ankamvetsera zonsezi madzulo aliwonse anali a Mateyu, oyandikana nawo nyumba. Iwowa anachokera ku Thyolo ali mnyamata kudzacheka mitengo ya mphira, ndipo malo amene anamangapo anawapatsa ndi malemu bambo a a Jairos, kuseri kwa munda wa chinangwa. A Mateyu sankadziwa kanthu za galimoto. Ankangovomera kuti, "Eetu ada, dizilo," kwinaku akusenda nzimbe.

Tsiku lina a Mateyu anabwera atavala malaya a ku tchalitchi pakati pa sabata.

"Mweuli, ada?" anapereka moni m'Chitonga chawo chopindika.

"Tilipo, achimwene. Kwagwanji, mwatchena chonchi?"

"Ndi Regina. Waimba foni." Regina anali mwana wawo wamkazi, namwino ku Joni. "Akuti atigulira pikapu yoti tizinyamulira mpunga ndi usipa. Akuti ndisankhe ndine. Ine ndingasankhe chiyani? Ndiye ndati ndipite kwa eni ake nkhaniyi."

A Jairos anayang'ana mapazi a a Mateyu, ong'aluka zidendene, mapazi amene sanapondepo kilatchi chibadwire.

"Pa msinkhu wanuwu," anatero pang'onopang'ono, "tengani ya zitseko zinayi. Ya petulo, injini yaing'ono. Ikhale yosintha giya yokha."

"Osati dizilo?"

"Dizilo ngwaphokoso. Muzidzutsa mudzi wonse."

A Mateyu anathokoza n'kumapita. Mayi Fanny, akazi a a Jairos, anali pambali akuyanika chinangwa choviika pathandala, ndipo anamva zonse.

"Bambo a Tumbikani, zitseko zinayizo mpunga azikweza pampando?"

"Munthu wafunsa maganizo, ndamupatsa."

"Mwamupatsa a ndani? Poti anu timawadziwa."

Patapita miyezi iwiri, masana ena, a Jairos anamva kulira kwa injini kumsewu wa tala. Sanafunikire kudzuka kuti adziwe. Kunali kugunda kolemera, kosafulumira, kwa dizilo. Ana anathamangira kumeneko. A Jairos anatsatira pambuyo, manja kumsana, ngati akupita kwina.

Inali yoyera, ya zitseko ziwiri, ya kumbuyo kwakutali. Anasuzumira pawindo n'kuona ndodo ya giya. Inali galimoto yawo ija, yonse monga ankainenera, ndipo pambali pake panaima a Mateyu akulandira manja a anthu.

Koma pikapuyo sinathe kufika kunyumba. Kuchokera kumsewu, njira yopita kwa a Mateyu inali ya mapazi ndi njinga basi, yodutsa m'mphepete mwa munda wa a Jairos. Kuti galimoto idutse, panafunika kuzula mizere itatu ya chinangwa. A Mateyu anabwera kudzapempha mawa lake, chipewa chili m'manja.

"Palibe vuto, achimwene," anatero a Jairos. "Chikangokhwima tizula."

A Mateyu anayang'ana mundawo. Mitengo ya chinangwa inali yaitali kuposa munthu, nthaka itang'ambika m'munsi mwake. Aliyense wodutsa ankaona kuti chinakhwima kalekale. Koma chinangwa si chimanga, sichikakamiza mwini wake tsiku lokolola. Chimadikira m'nthaka, ndipo palibe angauze mnzake kuti zula lero.

"Tidikira, ada," anatero a Mateyu.

Pikapu inayamba kugona kumsewu, kuseri kwa golosale ya a Killion. A Mateyu analemba dalaivala, ndipo ntchito inayamba: mpunga ku Limphasa, usipa wouma ku Tukombo, zonse kukagulitsa ku Mpamba ndi ku Mzuzu. Katundu wofika kunyumba ankamusenza pamutu kuchokera kumsewu, akazi a a Mateyu ali patsogolo, kudutsa pafupi ndi khonde la a Jairos. Moni ankapatsana ndithu, koma zocheza za madzulo zija zinatha. A Jairos ankakhala okha, nkhani ya injini ili pakamwa, wouza palibe. Atayesa kuuza Mayi Fanny, iwo anati, "Ine ndinaimva kale, kauzeni chinangwa chanucho."

M'mawa uliwonse a Jairos ankapeza chifukwa chopitira ku golosale. Lero machesi, mawa mchere. Ankaima patali n'kumaonerera dalaivala akuliza injini. Ikagunda bwino, mtima unkawawa. Tsiku limene anapeza galasi la m'mbali litabedwa, anadabwa kuti mtima unawawanso chimodzimodzi, ngati abera iwo.

Mvula yoyamba itagwa, Mayi Fanny anapita ndi khasu kumizere ija osapempha chilolezo. Anazula phata limodzi, n'kubwera nalo pakhonde, n'kuthyola chinangwa chimodzi pabondo. Mkati munali mitsitsi yolimba ngati chingwe, ndipo kunsonga chinali chitayamba kuda.

"Onani. Mukuti mukulanga a Mateyu, koma chikuola n'chathu."

"Chisiyeni."

"Ndachisiya. Koma mwamva kuti anzanu akusamuka? A Killion awapezera malo kumsewu. Akuti galimoto singamagone kutali ndi mwini wake ngati mkazi wa chitengwa chokanika."

A Jairos anatenga chinangwa chija n'kuchitembenuzatembenuza. Kenako anavala nsapato, n'kudutsa kanjira kaja kupita kwa a Mateyu, kumene anali asanapondeko chibwerere pikapu.

Anawapeza pansi pa mtengo wa mango umene uli pamalire a nyumba ziwirizi, akusoka thumba.

"Ndamva mukusamuka."

"Tikuganiza, ada. Khalani pansi."

A Jairos anakhala pa chitsa. "Ndifunse chinthu chimodzi. Munabweranji kudzandifunsa, poti simunandimvere?"

"Ndinakumverani."

"Ndinati ya petulo. Zitseko zinayi."

"Munatero tsiku limodzi," anatero a Mateyu, osasiya kusoka. "Zaka zina zonsezi munkati dizilo. Regina atafunsa, pakamwa panga panangotuluka zomwe ndinazolowera kumva. Ndinamuuzanso za mbuzi yomangidwa ija. Anaseka mpaka foni inaduka."

"Ndiye munadziwa kuti ndikukunamizani."

"Ndinadziwa kuti zakupwetekani. Inenso zikanandipweteka. Kungoti sindinadziwe kuti zifika mpaka ku chinangwa."

A Jairos anayang'ana kumbali. "Munatenga galimoto yanga, achimwene. Munthu wosadziwa ngakhale pothira madzi."

"Eya, sindidziwa. Dalaivala akandiuza kuti chakuti chatha, ndimangovomera ngati ndili m'kalasi ya Chingerezi. Sabata yatha akuti tigule zina zake za mafuta, dzina ndaiwala."

"Sefa. Musagule za pamsika, zimapha injini. Ndipo mumuuze asamalize injini n'kunyamuka pomwepo, aziyamba waisiya itenthe. Ndimamuona m'mawa uliwonse."

"Mumamuona?" A Mateyu anamwetulira. "Ndimayesa mumakagula machesi. A Killion akuti machesi onse a m'boma lino ali kwanu."

A Jairos anafuna kukwiya, koma kuseka kunawatulukira m'mphuno. Kumsewu kunadutsa minibasi, kondakitala akukuwa za Chintheche.

"Mukasamuka," anatero a Jairos, "malo ano abwera ena. Mwina a wailesi yaphokoso."

"Mwina."

"Loweruka ndizula mizere ija. Koma mumve bwino. Galimotoyo muziimika kuseri kwa nyumba yanu, osati pamene ndingaione ndili pakhonde. Ndipo hutala ayi. Mukadutsa pakhomo panga, muzidutsa ngati maliro."

"Zamveka, ada."

"Sindinathe." A Jairos analoza mtengo wa mango umene anakhala pansi pake. "Yanga ikadzabwera, pokhotera kulowa kwanga ndi pano. Mtengo uwu udzatsekereza."

A Mateyu anakweza maso kuyang'ana mtengowo. Anaubzala okha chaka chimene Regina anabadwa, ndipo mango ake ankadziwika mudzi wonse. Anayang'ananso a Jairos, imvi zawo, ndi nsapato zawo zakale za ku esiteti zomangidwa ndi waya. Sanaseke. Anaika thumba pansi n'kutambasula dzanja.

"Tsiku limene yanu idzalire kumsewu uko, ada, ndidzaudula ndekha. Nkhwangwa mudzandibwereke ndinu."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza. Koma idzakhale ya dizilo. Ya petulo sindidulira mango anga."