Mapatani a Mpando

A Uvuni anawotcha njerwa kwa zaka makumi atatu ndi mphambu, ndipo dzina lawolo linachokera komweko. Mwendo utayamba kuwavuta, mwana wawo wamkazi anakawatenga kuti azikakhala naye kwa mwamuna wake, amene anali kalipentala. Anawapatsa chipinda chakuseri, choyandikana ndi khitchini yakale. M'nyumba yaikulu ankaphikira magetsi, choncho chitofu chachitsulo cha m'khitchini yakaleyo chinangokhala, dzimbiri lili psuu, nkhuku ikuikira m'kati mwake.

Patangopita masiku atatu, a Uvuni anasamutsa nkhuku ija, anachotsa mwaye m'chumuni ndi kamtengo, n'kumata mng'alu wa m'mbali ndi dothi. Kenako anapempha mkamwini wawo kuti azitolako zidutswa za matabwa zogwa pansi pa benchi ku shedi. Mkamwiniyo anali munthu wa mawu ochepa. Anangoti chilichonse chimene chili pansi n'chawo. Atatero analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mpando wakale wamsana wokhota, n'kuuika patsogolo pa chitofu. Anati anaupanga ndi malemu bambo ake, ndipo munthu akhoza kukhalapo tsiku lonse msana osadandaula.

Kuyambira pamenepo, dzuwa likangopendeka, a Uvuni ankakoleza moto. Ankaikapo ketulo kuti asaoneke ngati akungowononga nkhuni, koma tiyiyo nthawi zambiri ankazizira m'kapu. Chimene ankafuna chinali kutsegula kachitseko ka chitofu, kutambasula mwendo wodwalawo, n'kumayang'ana. Moto ankaudziwa ngati mmene mlimi amadziwira ng'ombe zake. Thabwa laliwisi limalira, limatulutsa thovu kumapeto, ndipo utsi wake umaluma m'maso. Paini amathamanga, kuthetheka, n'kutha usanakhale n'komwe. Mtengo wolimba umayamba mwaulesi, koma ukagwira umasiya makala ofiira amene amapuma pang'onopang'ono ngati mwana wagona.

Mwana wawo ankawaseka kuti anzawo amaonera kanema, iwo amaonera chitofu. Iwo ankamuyankha kuti kanema wawoyo sazima magetsi akathima, ndipo salankhula zandale.

Sabata ina m'nyengo yozizira kunagwa kamvula kowaza kosaleka. Zidutswa za sabata imeneyo zinali za matabwa aawisi, ndipo kwa masiku anayi chitofu chinangofuka. Lachiwiri masana mwana wawo anapita kumsika, mkamwini anapita kukaika chitseko kwa kasitomala, ndipo a Uvuni anatenga beseni lawo n'kupita ku shedi. Atawerama kuseri kwa benchi, pafupi ndi khoma, anaona timatabwa tisanu topyapyala, tokhota, takuda ndi ukalamba. Msomali umene tinkapachikidwapo unali utazuka, nawonso uli pansi pomwepo.

Ananyamula kamodzi. Kanali kopepuka, kouma gwa, ndipo atakagogoda ndi chikhadabo kanalira ngati mbale. Kumutu kwake kunali kabowo, m'kabowomo muli kawaya kokolowekera. Pamimba pake panali manambala olembedwa ndi pensulo. A Uvuni sanali mwana. Ankadziwa kuti chinthu chimene chili ndi kawaya, alipo amene anachipachika. Anaima pang'ono, kathabwako kali m'manja, mvula ikugogoda pa malata. Kenako anadziuza kuti mwiniwake anati chilichonse chimene chili pansi, ndipo iti tinali pansi.

Moto wa tsiku limenelo sanauonepo chibwerere m'nyumbamo. Kathabwa koyamba kanagwira nthawi yomweyo, popanda utsi ngakhale pang'ono. Lawi linayenda motsatira kukhota kwake, lachikasu pamwamba, lobiriwira m'munsi, ndipo m'khitchini monse munamveka kafungo ka mafuta akale. Anaikapo kachiwiri, kenako kachitatu. Mwendo unasiya kuwawa. Anakumbukira uvuni wawo waukulu wa chaka chimene anakwatira, mmene makomo ake asanu ndi limodzi anayakira mofanana, mkazi wawo ataima patali atagwira pakamwa. Pofika kachisanu anali akung'ung'udza kanyimbo. Anagona pampando pomwepo, n'kudzuka mwana wawo akuwagwedeza phewa, akuseka kuti ketulo yauma.

Lachinayi m'mawa anamva phokoso ku shedi. Matabwa ankagwetsedwa, zitini zikugubuduzika. Mwana wawo atabwera ndi madzi osamba anawafotokozera kuti kwabwera munthu wofuna mipando isanu ndi umodzi yamsana wokhota, koma mapatani sakuoneka. Anati mapataniwo ndi timatabwa timene kalipentala amaika pa thabwa n'kulemberera m'mbali kuti miyendo ndi msana zituluke mofanana. Anawasema ndi malemu apongozi ake ali mnyamata, ndipo pa zonse zimene anasiya, mwamuna wake anasunga zimenezo basi. Anawonjeza motsitsa mawu kuti mng'ono wa mwamuna wakeyo, amene anatsegula shedi yakeyake chaka chatha atakangana, anabwera sabata yatha kudzabwereka chopanira matabwa. Kale anapemphapo mapataniwo, n'kukanizidwa.

A Uvuni anangoti, "Oo."

Atasamba anatenga ndodo yawo n'kupita ku shedi, ndipo m'malo monena zoona, anayamba kuthandiza kufunafuna. Ananyamula matumba a utuchi, anasuzumira m'mgolo, anafunsa ngati ayang'ana padenga. Mkamwini anawathokoza, n'kuwapempha kuti akapume, angapweteke mwendo. Kuthokozako kunawalasa kuposa mmene kukanawalasira kutukwanidwa.

Madzulo amenewo sanakoleze moto. Anauza mwana wawo kuti utsi wawapweteka m'maso. Atatsala okha anagwada patsogolo pa chitofu, n'kupisa dzanja m'phulusa lozizira. Anapeza timawaya tisanu, takuda, topindika ngati mbedza. Anaganiza zokatiponya m'chimbudzi. Anafika mpaka pakhomo la chimbudzicho, koma anabwerera n'kutiika m'thumba la jekete, ndipo tsiku lonse lotsatira tinkawabaya pantchafu akamakhala pansi.

Sikuti ankaopa kukalipiridwa. Mkamwini wawo sankadziwa kukalipa. Chimene ankalephera chinali kuima pamaso pa munthu amene anawapatsa chipinda ndi mpando, n'kumuuza kuti anawotcha ntchito ya manja a bambo ake, osati chifukwa cha kuzizira kapena njala, koma kuti aone lawi lokongola. Lachisanu anamva mkamwiniyo akulankhula pa foni kuseri kwa nyumba, mawu ali pansipansi koma olimba. Anamva mawu akuti wakuba. A Uvuni anatseka zenera lawo.

Loweruka m'mawa mvula inaleka. Mkamwini anatulutsa njinga n'kuyamba kupopa tayala. Mkazi wake anaima pakhonde akumuchonderera kuti adikire kaye mtima ukhale pansi, koma iye anati akupita kwa mng'ono wake kukatenga zinthu za bambo ake, ndipo akapanda kuzipeza, kuyambira lero alibe mng'ono. A Uvuni anamva zonsezi ali m'chipinda mwawo. Anavala jekete. Kuchokera pakhomo lawo kufika pamene panali njingayo panali mapazi makumi awiri okha, koma anapuma kawiri.

Atafika anatulutsa dzanja m'thumba n'kulitambasula.

"Bambo, musapite. Mng'ono wanu sanatenge kanthu. Ndinawotcha ndine, Lachiwiri."

Mkamwini anasiya pampu. Anayang'ana timawayato nthawi yaitali, kenako anatitola kamodzikamodzi m'dzanja la apongozi ake.

"Munaona ngati zidutswa," anatero, ngati akuwatsegulira njira yothawira.

A Uvuni anaiona njirayo, ndipo anailakalaka.

"Ayi. Mawaya ndinawaona, manambala ndinawaona. Ndinangofuna moto wabwino."

Mkamwini anatsamiritsa njinga kukhoma, n'kupita ku shedi. Posakhalitsa anamumva akupala thabwa, ndipo anapala m'mawa wonse, ngakhale panalibe chimene chinkafunika kupalidwa.

Mwana wawo anawatsatira kuchipinda. Sanakweze mawu. Anangofunsa kuti zoona, bambo ake omubereka, mpaka kunyamula nawo matumba a utuchi, mpaka kufunsa za padenga? A Uvuni anayang'ana mapazi awo. Anati mwina ndi bwino abwerere kwawo, nyumba yawo sinagwe yonse. Mwanayo anati zimenezo n'zothawa, ndipo mwendo umenewo sungathawitse munthu. Anatuluka akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

A Uvuni anakhala pabedi, chitseko chili chotsegula. Kuchokera pamenepo ankaona m'khitchini yakale, chitofu chozizira, ndi mpando uja utaima pamalo pake. Anauyang'ana kwa kanthawi osaganiza kanthu. Kenako maso awo anatsatira mwendo wakumbuyo, mmene unakwerera n'kukhota kukhala msana, ndipo dzanja lawo linakumbukira. Kukhota komweko n'kumene anakugwira Lachiwiri asanakuponye pamoto.

Kunyamula mpando ndi ndodo nthawi imodzi sikunatheke, choncho anasiya ndodo. Anaukoka, kupuma, kuukokanso, mpaka pakhomo la shedi. Anauza mkamwini kuti ngati mpandowu unatuluka m'mapatani aja, mapataniwo akhoza kutulukanso mu mpandowu. Mkamwini anati zimenezo anaziganiza kale Lachinayi, koma kuti alembe bwino ayenera kuumasula wonse, guluu wake ndi wakale, ukhoza kusweka. Ndiponso sakanatha kulanda apongozi ake pokhala.

"Umasuleni," anatero a Uvuni. "Ine ndikhala pa njerwa. Ndinazizolowera."

Anagwira ntchitoyo awiri. Mkamwini ankagogoda pang'onopang'ono ndi hamala yamtengo, a Uvuni atagwira. Mfundo zitatu zinamasuka bwino. Yachinayi inakana, ndipo itamasuka mwendo wakutsogolo unang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pakati. Onse awiri anaima. A Uvuni anamva ngati wang'aluka ndi wawo. Mkamwini anayendetsa chala pamng'aluwo, n'kunena kuti umatika, koma chipsera chidzaoneka. Kenako anayala thabwa lopyapyala, a Uvuni anakanikiza chidutswa chilichonse ndi manja awiri kuti chisasunthe, iye n'kumalemberera ndi pensulo. Manambala a bambo ake sanathe kuwakumbukira onse. Pamene anaiwala anasiya popanda kanthu.

Atatha, mkamwini anasamba m'manja n'kutenganso njinga. Anati ayenera kupitabe kwa mng'ono wake, chifukwa mawu a pa foni aja anafika kale. A Uvuni anapempha kuti apite nawo akanene okha, koma iye anakana. Anati mapatani anawotcha ndi iwo, koma mawu akuti wakuba ananena ndi iye.

Anabwera dzuwa litapendeka, maso ali ofiira, ndipo palibe anamufunsa mmene zinayendera. Anangouza mkazi wake kuti mng'ono wake abwera Lolemba kudzathandiza mipando ija, ngakhale mng'onoyo sanamuperekeze potuluka.

A Uvuni anali m'khitchini yakale, atakhala pa njerwa zinayi zosanjikiza, chitofu chili chozizira tsiku lachitatu. Anamva mapazi. Mkamwini analowa ndi beseni lodzaza zidutswa zotsala podula mapatani atsopano, n'kuliika pansi. Sanatuluke. Ananyonyomala pambali, akuyang'ana kachitseko kotseka.

"Kolezani, bambo. Kukuzizira."

A Uvuni anatenga machesi, koma awiri oyamba anathyoka. Achitatu anagwira. Moto unayamba mwaulesi, kenako unakwera, ndipo kutentha kunafika pamaondo awo. Iwo anayang'anabe pansi.

Patapita nthawi mkamwini anafunsa, maso ali pamoto: "Nanga aja, anayaka bwanji?"

Bodza linali pafupi, koma a Uvuni anali atatopa nalo.

"Anayaka bwino. Popanda utsi. Sindinaonepo moto ngati umenewo."

Mkamwini anagwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Bambo anga thabwa ankalidziwa kusankha," anatero.

Anatola chidutswa m'beseni, anachitembenuza kuona mbali zonse ziwiri, n'kuwapatsa. A Uvuni nawonso anachitembenuza, kuyang'ana ngati chili ndi kabowo, asanachiike pamoto.