Chilembo Chimodzi pa Thumba la Magazi

Foni inalira Lolemba m'mawa, nditangovula nsapato pansi pa desiki, tiyi ndisanalawe n'komwe. Anali mayi a ku labu ya chipatala chimene chimagwiritsa ntchito pulogalamu yathu yolondolera matumba a magazi. Mayi amenewo sapupuluma, amayamba afunsa za ana ndi za chimfine cha abambo akunyumba. Tsikulo analibe moni.

"Achemwali, ndagwira thumba la magazi a gulu O m'manja mwangamu, koma kompyuta yanu ikuti linatuluka kale. Ndafufuza m'firiji monse. Limene likusowa ndi la B."

"Lapita kuti?"

"Ku wodi ya amayi, kwa wodwala wa gulu O. Kapepala kamene makina anu asindikiza kakuti O. Papita mphindi khumi. Foni ya ku wodi ikungolira."

Ine sindine dokotala, ndine wolemba mapulogalamu, komabe ndimadziwa kuti munthu wa O akalandira magazi a B, thupi lake limawakana ndipo akhoza kufa anthu akuona.

"Thamangani, mayi. Foni musadule, muiike m'thumba."

Zinayamba mwezi wathawo. Matumba atsopano anabwera ndi nambala zazitali, za madijiti makumi awiri ndi anayi, pamene pulogalamu yathu inkatha kusunga khumi ndi asanu ndi atatu okha. Ntchito yoiphunzitsa nambala zopanda malire anandipatsa ine. Ndinakonza zoti nambala yaitali izisungidwa m'zidutswa, ndipo panafunika makro watsopano wozitengera. Makro ndi kadzina kamene timalemba m'malo mwa mzere wautali wa kodi, malamulo amene timalembera kompyuta. Wotengera amapisa dzanja mkati mwa nambala n'kukupatsa chimene wapeza, safunsa ngati wapisa m'thumba loyenera.

Wakale dzina lake anali TENGA_NAM. Watsopanoyo ndinamutcha TENGA_NAMB.

Mkulu wa gulu lathu, amene tonse timangowatchula kuti a Ndevu, anakana pa msonkhano.

"Mayina amenewa ndi mapasa, mayi. Ngakhale inu mwini wake tsiku lina mudzasambitsa mmodzi kawiri. Lembani mawu onse. Yambani ndi YAITALI, munthu aziona ali patali."

"Bambo, dzina lalitali ngati sitima ya katundu? Zala zathu n'zomwezi," ndinatero, anzathu n'kuseka. Nthawi inali itatithera, onse anagwirizana ndi ine. A Ndevu anangokanda chibwano n'kusiya.

Tsopano foni inali pa desiki, mawu nditawakweza. Ndinkamva nsapato za mayi aja zikumenya simenti, makiyi akulira m'thumba, chitseko chikumenyetseka. Ndinatsegula kodi n'kufufuza TENGA_NAM. Anapezeka m'malo makumi anayi ndi limodzi. Ndinatsika mzere ndi mzere mpaka pa gawo loona thumba lisanatuluke mu labu, ndipo anali pomwepo, wakale uja wopanda chilembo B, atapatsidwa nambala yaitali. Ankangotenga chidutswa cha kumapeto, zotsalazo n'kuzisiya. Matumba ochokera malo awiri osiyana amasiyana kumayambiriro kwa nambala, kumapeto akhoza kufanana ndendende.

Ndinatsegula mbiri ya mzerewo kuti ndione amene anaulemba. Sindibisa, mumtima ndinkapempha kuti pakhale dzina la munthu wina. Panali langa, Lachinayi, nthawi ya nkhomaliro.

A Ndevu anali ataima kumbuyo kwanga, chikwama chidakali paphewa. Sindikudziwa kuti anafika nthawi yanji. Anawerenga mzerewo, anayang'ana foni.

"Ndani akuthamangayo?"

Ndinawafotokozera. Sananene kanthu za msonkhano uja. Anakhala pa desiki yawo, anatseka gawo lotulutsa matumba m'chipatala monse, kenako anaimbira mkulu wa labu kuti kuyambira pompo chilichonse chiziyenda ndi bolopeni ndi maso a anthu awiri.

M'foni munamveka mayi aja akupuma mwabefu pa masitepe. Wina anawapatsa moni, sanayankhe. Kenako mawilo a tirole, khanda likulira, ndipo mawu awo anaphulika:

"Asisitala! Bedi sikisi! Musatsegule!"

Panamveka phokoso la nsalu, foni ikukhuzika m'thumba, basi n'kuti zii.

Ndinayang'ana. Foni sinaduke, masekondi ankawerengabe. Ndinaiyandikiza kukhutu. Ndinkaona m'maganizo mayi amene sindikumudziwa, mwina wangobereka kumene, apongozi ake atakhala pa benchi panja ndi fulasiki, ndi kachubu kofiira kakutsika kulowa m'mkono. Ndinaganiza za ana anga. Ndinaganizanso za wapolisi akundifunsa kuti chilembo chimenechi ndinachisiyiranji, ine n'kuyankha kuti zala zinatopa.

"Mayi?" ndinaitana. "Mayi, mulipo?"

Mphindi ziwiri zinatha. A Ndevu anabwera kudzaima pafupi, manja atapinda.

"Achemwali." Anali mayi aja, mpweya ukuwathera. "Thumba lili pa chitsulo, alipachika kale. Koma sanatsegule. Mtsempha unawavuta, abaya kawiri osaupeza, ndiye amadikira mnzawo. Ndalichotsa. Lili m'manja mwanga."

Chakutali ndinamva nesi akukalipa kuti iye anawerenga kapepala, kapepalako kakuti O, nanga alakwa chiyani. Sanalakwe. Ndinapezeka nditakhala pansi penipeni, pafupi ndi nsapato zanga.

"Dzukani, mayi," anatero a Ndevu motsitsa mawu. "Mzere umenewu wakhala ukugwira ntchito kuyambira Lachisanu. Thumba limeneli ndi lokhalo limene taliona."

Mantha anabwereranso, oposa oyamba aja. Tinatulutsa mndandanda wa matumba onse amene anatuluka kuyambira Lachisanu: mazana awiri ndi khumi ndi awiri. Ine ndinkawerenga nambala yonse mokweza, a Ndevu n'kumafananiza, ndipo ku labu anthu awiri ankatsegula mafayilo a odwala limodzi ndi limodzi. Nambala iliyonse ikayamba kufanana ndi inzake kumapeto, tinkaima n'kuiwerenganso. Tinapeza mapasa ena awiri. Oyambawo onse anali a gulu A. Enawo anali asanatuluke m'firiji. Tinamaliza cha m'ma thiri koloko, osadya kanthu.

Madzulo omwewo ndinasintha mayina onse. Makro aliyense wa nambala zazitali tsopano amayamba ndi YAITALI, wa zazifupi amayamba ndi YAIFUPI, ndipo ukapatsa mmodzi nambala ya mnzake, pulogalamu imakana kumangika, siyamba n'komwe. Ndinalemba lamulolo pamwamba pa fayilo, ndi tsiku lake. A Ndevu anawerenga mzere uliwonse chala chili pa sikirini, n'kuvomereza.

Lipoti la ku chipatala ndinalemba ndekha, dzina langa ndinaliika poyera. Anandiitana Lachitatu kukafotokoza pamaso pa madokotala atatu, ndipo anandifunsa kwa ola lathunthu. Ntchito sinandithere, koma kwa miyezi itatu kodi yanga inkadutsa m'maso mwa anthu awiri isanapite kulikonse. Potuluka Lachitatulo ndinadutsa pa khomo la wodi ya amayi. Mayi a ku labu aja, amene ankandiperekeza, anandiuza kuti wa pa bedi sikisi uja analandira magazi oyenera ndipo anatuluka ndi mwana wake dzulo lake. Anandifunsa ngati ndikufuna kulowa ndione bedilo. Ndinakana.