Nkhuku Yososoka ya Emrys

Emrys Pugh anabwera nazo Loweruka masana, zitatu, m'katoni ya nthochi yoboolaboola. Mkazi wake Glenys anatuluka m'khitchini akupukuta manja, nasuzumira m'katonimo, n'kubwerera m'mbuyo.

"Izi zafa kale, kapena zikuganiza kaye?"

"Tsitsa mawu, uziopseza," anatero Emrys.

Zinali nkhuku za pa famu ya mazira, zija zimakhala m'zikwere za waya chaka ndi theka osalidziwa dzuwa. Zikachepetsa kuikira, eni famu amazitumiza kokaphedwa, koma ku tauni ya Rhayader kuli amayi ena amtima wofewa amene amaziwombola n'kumagawira aliyense wofuna. Emrys analembetsa dzina lake osamuuza mkazi wake. Zonse zitatu makosi anali ososoka, malipombo otuwa atagwera mbali imodzi. Ina inali yoipiratu: msana ndi mimba zonse poyera, nthenga zitangotsala kumutu ndi kunsonga za mapiko. Imeneyo Emrys anaitcha Nesta.

Kuseri kwa nyumbako kunali kale nkhuku zisanu za Glenys, mathadzi onenepa, owala nthenga, amene chaka chilichonse ankabwerako ndi maliboni ku chionetsero cha m'mudzi. Wamkulu wawo anali Mabli, thadzi lalikulu lankhanza. Pa zaka khumi ndi ziwiri Emrys anali asanaziponyereko ngakhale nyenyeswa ya buledi. Koma tsikulo anakhomera waya pakati pa bwalo mpaka dzuwa kulowa, n'kuikapo kageti kokhala ndi kachitsulo kokolowekera. Amayi a ku Rhayader aja anali atamulangiza kuti zatsopano ndi zakale ziyambe zaonana pa waya milungu iwiri zisanaphatikizane, apo ayi zakale zidzapha zatsopanozo.

Zonsezi Glenys akadazilola. Mwamuna wopuma ntchito amafunika chomutulutsa m'nyumba, kuti asamangotsekereza njira ya kukhitchini. Chimene chinamupweteka ndi mawu.

Emrys anali munthu wouma pakamwa. Anakhala zaka makumi asanu m'mapiri ndi nkhosa ndi agalu, ndipo agaluwo ankawalankhula ndi likhweru. Pa zaka makumi anayi ndi chimodzi za banja lawo, Glenys anali asanamvepo liwu lokoma kuchokera kwa iye. Tsiku limene Glenys anachitidwa opaleshoni ya chiuno, Emrys anakhala pambali pa bedi maola atatu chipewa chili m'manja, ndipo zonse zimene ananena ndi zakuti kunja kukugwa mvula. Glenys anali atavomereza kalekale kuti mwamuna wake anabadwa wopanda mawu oterowo, monga ena amabadwa osatha kuimba. Munthu sungamukwiyire chifukwa cha chinthu chimene alibe.

Ndiye Lolemba m'mawa, akutsuka makapu zenera lili lotsekula, anamva.

"Bwera kuno, mtsikana wanga wokongola. Wagona bwanji? Anakuzunza eti? Pepa, mayi, pepa. Zatha zimenezo."

Glenys anatseka mpopi kuti amvetsetse. Anali Emrys, atagwada m'matope ndi maondo ake owawa aja, akusisita mutu wa Nesta ndi chala chimodzi. Mawu anali otsika, ofunda, oti ngakhale khanda likhoza kugona nawo. Analipo mawu aja! Zaka zonsezi anali nawo, anangowasungira nkhuku yopanda nthenga. Nsanje inamugwira Glenys moti tiyi wa m'mawa umenewo sanamwe.

Kuyambira pamenepo anayamba kuona chilichonse. Emrys, amene sankadziwa kumene kumakhala mapoto, tsopano ankaphika phala m'mamawa n'kuliuzira kuti lisamuotche Nesta. Ankadzoza malipombo mafuta kuti chisanu chisawalume. Nesta ikaitana, iye ankasiya chakudya patebulo.

"Pita, chibwenzi chikukuitana," ankatero Glenys.

"Sichidziwa kulowa chokha m'khola. Sichinaonepo khomo."

"Ndiye ukagone nacho komweko, uchiphunzitse bwino."

Emrys ankangoseka pang'ono n'kutuluka, osazindikira kuti mkazi wake sakuseka.

Lamlungu lotsatira chisanu chinagwa, udzu unadzuka uli mbuu. Glenys pochokera ku tchalitchi anapeza Nesta ikuyendayenda itavala chinthu chobiriwira. Anayandikira pa waya. Unali mkono wa juzi, wobooledwa pawiri potulukira mapiko. Ulusiwo anaudziwa, malukidwewo anawadziwa: inali juzi imene iye anamulukira Emrys miyezi itatu yathunthu pamene mwamunayo ankakwanitsa zaka makumi asanu ndi awiri.

"Emrys! Wadula juzi yanga?"

"Mkono umodzi wokha. Imangokhala m'dirowa, paja imandiluma pakhosi."

"Imakuluma pakhosi."

"Taona mmene yaikhalira. Uli ndi manja abwino iwe."

Aka kanali koyamba kuti Emrys ayamikire juzi imeneyo, ndipo anaiyamikira ili pamsana pa nkhuku.

Lachitatu ndi tsiku la msika wa nkhosa, ndipo Emrys sankaphonya ngakhale analibenso nkhosa. Pokwera galimoto anati, "Undionereko Nesta," n'kunyamuka. Chakumasana Glenys anapita kuseri kukataya makoko a mbatata. Anapeza Mabli akuyenda chokweza ndi chotsitsa m'mbali mwa waya, khosi atatukumula, diso lili pa mlendo wovala juzi uja. Glenys anamumvetsa Mabli kuposa mmene anamvetsera munthu aliyense m'moyo wake.

Anadziuza kuti nkhuku zonse zimatero, zimajomphana kawiri katatu, iliyonse n'kudziwa malo ake. Anadziuza kuti Emrys akuisasatitsa Nesta. Anakweza kachitsulo kaja ndi chala chimodzi, nakankha geti pang'ono, n'kulowa m'nyumba kukatsekula wailesi.

Ankadziwa bwino lomwe, ndi zaka zake zonse zoweta, kuti nkhuku zikaona magazi sizisiya. Phokoso litapambana wailesi anathamanga ndi tsache. Ziwiri zina zija zinali zitabisala pansi pa khola. Nesta inali itapanikizidwa pakona, kuseri kwa chidebe cha madzi, zonse zisanu zili pamwamba pake. Lipombo linali litang'ambika, khosi lili magazi okhaokha, kajuzi katakoleka ku mwendo moti sinathe n'kuthawa komwe. Glenys anazibalalitsa ndi tsache. Asanainyamule n'komwe, anamva galimoto ikuima kumaso.

Emrys sanakuwe. Anayang'ana geti yotseguka ija nthawi yaitali, kenaka ananyamula Nesta kulowa nayo m'khitchini. Anatsuka mabala ndi madzi a mchere, napopera mankhwala, n'kuigoneka m'katoni pafupi ndi chitofu. Glenys anaima pa sinki akudikira funso. Bodza anali atalikonza kale, la mphepo.

"Ndinasiya geti osatseka," anatero Emrys, maso ali pansi.

Glenys anatsekula mpopi n'kuyamba kutsuka makapu.

"Zaka makumi asanu m'mapiri, sindinasiyepo geti. Ngakhale kamodzi. Ndikukumbuka ndikukoloweka m'mawa uja, Glenys, ndikukumbuka bwinobwino. Ndiye ngati ndikukumbuka chinthu chimene sindinachite... Idris anayamba choncho."

Idris ndi mkulu wake wa Emrys. Anayamba n'kusiya mageti, nkhosa n'kumapezeka pamsewu, ndipo tsopano ali ku nyumba yosungirako okalamba ku Builth, kumene ana ake omwe amawafunsa kuti ndinu a kwa yani. Emrys amakamuona mwezi uliwonse ndipo pobwerako sadya.

Apa ndi pamene Glenys akadanena. Sananene.

Masiku otsatira Emrys anasintha. Ankapita kukaona geti kasanu asanamalize kapu imodzi ya tiyi. Anamata timapepala pa chitseko, pa chitofu, pa mpopi. Makiyi a galimoto anawaika m'manja mwa mkazi wake, iye amene sankalola munthu wina kugwira chiongolero. Anaimbira foni kwa dokotala, nampatsa Lachisanu la mlungu wotsatira. Ndipo anayamba kumutsata Glenys paliponse. "Glenys, ndathimitsa ketulo?" "Glenys, lero ndi lachingati? Ayi, ndikudziwa, ndimangofuna unene." Dzina lake analimva kambirimbiri pa mlungu umenewo kuposa chaka chonse chatha.

Lolemba pa chakudya cha masana, Emrys anaika foloko pansi, natambasula dzanja, n'kugwira la mkazi wake.

"Ndikadzayamba kukufunsa kuti ndiwe yani, usadzalire, wamva? Sindidzakhala ine. Ine ndikukudziwa, Glen wanga. Palibe chimene ndikudziwa kuposa iwe."

Anali mawu aja, otsika, ofunda, ndipo ulendo uno nkhuku inali gone m'katoni, panalibe wina wowalandira koma iye. Tisanamizane: Glenys anakondwa. Anakondwa mpaka misozi, Emrys n'kumupukuta ndi chala chake chokhakhala. Masiku anayi anakhala ngati mtsikana wongotomeredwa kumene. Ankadziuza kuti dokotala akamuyeza, akapeza kuti palibe vuto, nkhani n'kuthera pomwepo popanda wina kuululapo kanthu. Ankaona kuti mwamuna wake sakudya, ankaona lamba akumangidwa pa boo lina, koma ankayang'ana kumbali.

Lachisanu m'mawa Emrys anatuluka kuchipinda atavala suti yake ya pamaliro. Anaima pagalasi akulimbana ndi tayi, zala zikukana. Anayesa katatu, nasiya manja ali lende.

"Ngakhale ichi," anatero.

"Ndi mantha chabe amenewo. Bwera ndikumange."

"Tikabwerako uwaimbire amayi aja adzatenge nkhukuzi. Zinavutika kale zokwanira, zisadzafere m'manja mwa munthu woiwala. Ndiponso ndaganiza, ku Builth kuja ndikalembetseretu ndidakali ndi nzeru. Sindifuna uzidzandisambitsa iwe ndi chiuno chakocho."

Glenys anali atagwira nsonga ziwiri za tayi. Anayang'ana khosi la mwamuna wake, mmene kolala inalekera kulikwana pa masiku asanu ndi anayi okha, ndipo anazindikira kuti dokotala anene chilichonse, munthu uyu sadzadzikhulupiriranso pa geti iliyonse mpaka kufa. Ankadziwanso chimene ataye akatsekula pakamwa. Anamanga tayiyo kaye bwinobwino, naiwongola.

"Geti ija unatseka."

"Usandinyengerere, Glen."

"Unatseka, ndikukuuza. Ndinatsekula ndine. Ndinakweza kachitsulo ndi chala ichi, n'kulowa m'nyumba kukamvera wailesi."

Emrys anamuyang'ana ndwii.

"Chifukwa chiyani?"

"Nsanje! Ukufuna ndinene kangati? Ndinachita nsanje ndi nkhuku, ine nkhalamba ya zidzukulu zinayi! Zaka makumi anayi ndi chimodzi ndikuyesa ulibe mawu okoma, kenaka ndikumva ukuwakhuthulira chinthu chososoka chimene wachidziwa masiku awiri. Ndipo utayamba kundilankhula ine choncho, ndinakhala chete kuti usasiye. Ndinakuona ukuwonda, ndinakhalabe chete. Ndi zimenezo. Tukwana."

Anafunadi kuti atukwanidwe. Anafuna Emrys akuwe, amenye tebulo, amutchule dzina loipa lililonse, bola likhale lopita kwa iye.

Emrys anakhala pa mpando pang'onopang'ono. Anaphimba nkhope ndi manja, mapewa n'kuyamba kugwedezeka, ndipo Glenys sanadziwe ngati akulira kapena akuseka. Atachotsa manja, nkhope inali yonyowa koma yopepuka, ya munthu amene wamutula katundu. Anavula jekete, naikoleka pa mpando. Anatenga makiyi a galimoto pa tebulo n'kuwabwezera m'thumba mwake.

Glenys anatambasula dzanja. Emrys anadutsa pambali pake ngati sanalione, nakagwada pafupi ndi chitofu, pa katoni paja.

"Wamva, mtsikana wanga?" anatero ndi mawu otsika, ofunda. "Si ine. Sindinakusiye ine."