Analowa Dzulo

1.
Uthenga unandipeza kuntchito ku Limbe, komwe ndimasindikiza makadi a ukwati ndi a maliro. Apu yomwe imandisungira mapasiwedi yakweza mtengo. Kachiwiri. Akuti awonjezera chitetezo. Amalipiritsa m'madola, ndipo kwacha yathuyi mukuidziwa, imagona yonenepa n'kudzuka itaonda.

2.
Ine ndine Ganizani. Ndimalipira ya banja, yoti anthu angapo akhale pa akaunti imodzi, aliyense ndi kabokosi kake kokhoma. Tilimo atatu: ine, mkazi wanga Esinati, ndi mlongo wanga Zione amene amaluka tsitsi ku Joni. Za m'bokosi la mnzako sungazione. Wolipira amangoona kamzere kamodzi pansi pa dzina la munthu.

Zione. Analowa dzulo.

3.
Esinati salankhula mozungulira. Anati foni imasunga mapasiwedi ulere. Anati iye apuyo anailowa kamodzi basi, n'kuiwala pasiwedi ya mapasiwediwo. Anafunsanso kuti wakuba atathyola akaunti yanga angapezemo chiyani, kupatula kutimvera chisoni.

Ndinamufotokozera za chitetezo. Ndinathiramo Chizungu chambiri.

Bambo a Tadala, anatero, mukulipira mlonda pa khola lopanda mbuzi.

4.
Mayi atamwalira, basi ya Zione inachedwa pa boda. Kunali kotentha, ndipo amalume analamula kuti mwambo upitirire. Zione anafika nkhata za pamanda zitayamba kale kufota. Sanakalipire munthu. Anagona tsiku limodzi n'kubwerera. Kenako anatitsekera tonse, pa WhatsApp, pa Facebook, nambala n'kusintha. Patha zaka sindinamve mawu ake.

Mu apu yokhayi ndi momwe sanatulukemo. Ndinkati anangoiwala.

5.
Mapasiwedi a m'bokosi langa:
ya banki
ya imelo ya kuntchito
ya imelo yakale yomwe ndinkalemberana ndi Esinati tili pachibwenzi
ya Facebook ya malemu Mayi, yomwe imandikumbutsabe tsiku lawo lobadwa
ya kusukulu kwa Tadala, komwe amatiuza zomwe sitinalipire
ena ambirimbiri, a malo omwe sindikumbuka kuti ndinkakafunako chiyani

6.
Iwe Ganizani nena zoona, m'mawa uliwonse usanasambe n'komwe umatenga foni n'kutsegula apu osati kuti ufune pasiwedi iliyonse koma uone kamzere kaja, ukapeza kuti analowa dzulo umasamba ukuimba muluzu, ukapeza kuti padutsa masiku osalowa tiyi amakukanika ndipo umakalipira Tadala pa nkhani ya nsapato, uli m'minibasi umaganiza kuti kodi wadwala kodi foni amulanda kodi agona m'chipatala chomwe palibe akudziwa kuti kwawo ndi kwa Bvumbwe, mpaka tsiku lina kamzere kamabwerera ndipo umapuma ngati watula thumba la chimanga, koma mkazi wako umamuuza za chitetezo

Analowa dzulo.

7.
Mwezi umenewo fizi inakwera, magetsi anakwera, ngakhale pepala losindikizira linakwera. Ndinatsegula apu. Inandichenjeza kuti ndikasiya ya banja enawo achotsedwa, koma mapasiwedi awo sataya. Ndinati basi, Zione sataya kanthu. Mumtima munalinso kaukali, sindibisa. Wonyanyala ndi iye, wolipira n'kukhala ine?

Mukutsimikiza?

Ndinadina.

8.
Mnzanga wa kuntchito anandifunsa ngati maapu olipirawa ali ndi phindu. Ndinamuyankha ngati katswiri, kuti kwa munthu mmodzi yaulere ikukwana. Sindinaname.

Patangopita milungu yochepa, mavidiyo anayamba kuzungulira m'mafoni. Mashopu a alendo akuyaka ku Joni, anthu akuthawa ndi zikwama pamutu. Ndinayang'anitsitsa nkhope iliyonse. Chala chinathamangira ku apu.

Ganizani. Analowa lero.

Dzina limodzi. Langa.

9.
Ndinamuuza Esinati zonse.

Nanga osanena bwanji, anatero. Ine ndimati mukulondera mapasiwedi. Mukanati ndi alamu, ndikanalipira ndekha.

Analipiradi, ndi ndalama za geni yake ya zitenje, pa mtengo watsopanowo, osadandaula. Ndinatumiza uthenga ku imelo ya Zione womuitana kuti abwerere. Pansi pa dzina lake tsopano pali mawu ena.

Sanayankhe.

Mawa lake, sanayankhe. Mwezi watha, sanayankhe. Ndikumva chisoni chomwe ndilibe pochitula, chifukwa palibe anandikakamiza.

10.
Weramani pang'ono asisi, ndimalize kumbuyoku. Ine Zione ndili moyo, moto sunafike mu msewu wathu uno. Mwafunsa ngati kwathu akudziwa. Sakudziwa.

Achimwene anga anandiika pa apu ina yosunga mapasiwedi Mayi akadali moyo. Bokosi langa mulibe kanthu. Mapasiwedi anga ndi awiri, ali m'mutu muno. Koma ndinkadziwa kuti wolipira amaona tsiku lomwe munthu walowa. Kuimba foni kunkandikanika, mkwiyo unali usanathe. Ndiye m'mawa uliwonse, ndili mu takisi, ndinkatsegula n'kutseka. Ndiwo unali moni wanga. Bandulo ikatha n'kudutsa masiku osalowa, ndinkapempha intaneti kwa mnzanga, kuopa kuti achimwene angade nkhawa. Ndinkati Khirisimasi ino ndiimba.

Kenako kunabwera imelo. Mzere umodzi. Ganizani wakuchotsani m'banja.

Ndinaiwerenga nditaimirira pompano, tsitsi la munthu lili m'manja. Ndinati chabwino, poika Mayi sanandidikire, apa angomalizitsa. Akaunti ya imelo imeneyo sindinaitsegulenso, ndipo sindidzaitsegula.

Apu yokha ndi yomwe ndalephera kufufuta. Lero m'mawa chala chinapita chokha. Ndinalowa. Palibe anaona.