Huta ya ku Nkwazi

Chaka chimene migodi inkagulitsidwa, Misozi anamaliza maphunziro ake ku yunivesite n'kupeza ntchito imene amayi ake ankalephera kuifotokoza kwa anzawo a kutchalitchi. Kabungwe kena ka ku Kanini kanamutenga kuti azifufuza za madzi osefukira m'makomboni a Ndola: ndani amene madzi amayamba kuwapeza, ndani angathawe okha, ndani amafunika kunyamulidwa. Komboni imene anamupatsa inali Nkwazi, kwawo komwe.

Pa anthu ofunika kunyamulidwa, woyamba kumudziwa anali bambo ake enieni.

A Masauso anagwira ntchito pansi pa mgodi ku Kitwe kuyambira ali mnyamata. Atawachotsa ntchito pamodzi ndi anzawo ambirimbiri, anagula kanyumba kumunsi kwa Nkwazi, m'mphepete mwa ngalande, n'kutulutsa mpando pakhonde. Kuyambira pamenepo anakhala pansi. Sanali kudwala. Kuchipatala anawayeza n'kunena kuti mtima wawo ndi wa munthu wosewera mpira. Koma mvula ya chaka chapitacho, madzi atalowa m'nyumba mpaka m'mawondo, iwo anangokweza miyendo pa kasitulu n'kumaonerera mapoto akuyandama. Anthu oyandikana nawo anachita kuwanyamula ndi mpando womwe.

Tsopano mitambo inali itayambanso kusonkhana, ndipo ngalande inali itadzaza zinyalala kuposa kale, chifukwa anthu amene ankaikonza nawonso ntchito inali itawathera. Misozi ankadziwa kuti madzi a chaka chino sadzalekera m'mawondo.

"Atate, Loweruka tikuyeserera kuthawa madzi. Mukamva chochenjezera chikulira, mudzanyamuke mupite kutchalitchi kumtunda."

"Uza amako," anatero a Masauso, maso ali kumsewu.

Amuna ambiri a m'komboni anamuyankha chimodzimodzi, choncho kafukufuku wakeyo anamvedwa bwino ndi azimayi okha.

Bwana wake, a Mwamba, anali munthu wodekha wokonda masuti a khaki. Iwo ndiwo anapeza chochenjezera anthu kwa wogulitsa zitsulo zakale cha ku mgodi wa Bwana Mkubwa: huta ya pamgodi, yopukusa ndi dzanja. Anaimangirira pa kamlatho kumunsi, pamene madzi amayambira kukwera, n'kupempha a Dolly, mayi wogulitsa makala pamenepo, kuti aziiliza.

"Ndipukuse mpaka liti?" anafunsa a Dolly.

"Mpaka mkono uwawe, mayo," anatero a Mwamba.

Loweruka m'mawa Misozi ndi a Mwamba anaima pabwalo la tchalitchi. Huta inayamba ngati ng'ombe yodandaula, kenako inakwera, n'kukhala pamwamba pomwepo osatsika. A Dolly anali ndi mikono ya munthu wonyamula matumba a makala.

Anthu anayamba kufika. Azimayi anabwera ndi matiresi pamutu, ana kumbuyo, nkhuku m'khwapa, akuseka ngati akupita ku ukwati. Wina anabweretsa mbaula moto uli momwemo. A Mwamba ankamwetulira, mpaka pamene anayang'anitsitsa gululo.

"Ba Misozi, amuna a kuno ali kuti?"

Misozi anayang'ana: panalibe ndi mmodzi yemwe wa msinkhu wa bambo ake. Kenako anaona amayi ake, a Pauline, akukwera ndi chithunzi cha Banja Loyera ndi ndowa ya ufa. Anali okha. Misozi anawathamangira.

"Amama, mwawasiya pampando?"

"Pampando pati? Anyamuka ine ndisanamange n'chitenje chomwe. Andifunsa majombo awo."

"Nanga ali kuti?"

"Kumunsi. Athamanga." A Pauline anatula ndowa. "Ndati athamanga, mwana wanga. Ndawaona ndi maso angawa."

Misozi anatsetsereka, a Mwamba akumutsatira. Atakhota pa gulosale anaima.

Kamlatho kanali kodzaza ndi amuna achikulire. Anali atavala zipewa zolimba za pamgodi, majombo, ena maovolosi osatsekeka pamimba. Aliyense anali ndi fosholo, piki kapena chingwe. A Pius, amene ankawerenga mawu kutchalitchi, anavala chipewa chimene akazi awo ankadzalamo anyezi, ndipo dothi linkawatsikira m'khosi. Pamwamba pa kamlatho panaima a Masauso, akuwagawa anzawo m'magulu ndi mawu amene Misozi anali atawaiwala.

"Ndani wavulala?" a Masauso ankawafunsa a Dolly. "Ali pati?"

"Ine wavulala ndi mkono wangawu," anatero a Dolly. "Anandiuza kuti ndipukuse basi."

"Atate," Misozi anaitana, "ndinati mupite kumtunda."

"Iwe, huta yaitali ija?" A Masauso anamuyang'ana ngati wanena zachibwana. "Yaifupi ndi ya shifiti. Yaitali yosadukiza ndiye kuti pansi pagwa, anzako atsekeredwa. Munthu suthawa. Umasiya chilichonse n'kuthamangira kumene ikulirako."

"Ngakhale uli m'bafa," anawonjezera a Pius. "Ine ndasiya sopo kumsana."

"Ndiye akanakhala madzi enieni, nonsenu mukanathamangira m'madzimo?"

"Eya," anayankha angapo pamodzi, modabwa kuti funsolo likufunsidwa.

A Mwamba anakhala pa thumba la makala n'kuseka mpaka kuvula magalasi. "Ba Misozi, tinafunsa mafunso onse kupatula limeneli. Bola tazidziwa kuli dzuwa."

Misozi sanaseke nawo. Ankayang'ana miyendo ya bambo ake, itaima yokha m'majombo, yotakataka.

Amuna aja anazindikira kuti palibe wovulala, koma palibe amene ankafuna kubwerera kunyumba ndi fosholo yoyera akazi onse akuonerera kumtunda. Anayamba kusuzumira pansi pa kamlatho. Mapaipi onse odutsa madzi anali atatsekeka ndi mapulasitiki, matayala ndi theka la bedi.

"Ichi n'chimene chinanyowetsa mpando wako, shimaini," anatero a Pius, akuwaitana a Masauso ndi dzina la anthu a pamgodi.

"Mpando wanga usiye. Tenga anthu ako uyambire mbali iyo. Nehemiah, chingwe."

Wina anayambitsa nyimbo ya Chibemba ya pansi pa mgodi, ndipo mafosholo anagwa motsatira nyimboyo. Azimayi atatopa kudikira madzi kutchalitchi anatsika, n'kuima m'mphepete kumapereka ndemanga.

"Bashi Chichi, kodi msana uja wachira? Dzulo munakana kunyamula ndowa," anatero wina kwa mwamuna wake.

"Ndowa si ngozi, mayi."

Uja wa mbaula anayamba kuwotcha chinangwa. A Mwamba anavula jekete n'kupempha fosholo, ndipo anawapatsa wilibala, poti fosholo imafuna munthu wozolowera. Akukankha, anagwirizana ndi a Pius kuti huta yothawira izilira modukizadukiza, yaitali ikhale ya amuna a mafosholo mvula isanayambe.

Dzuwa litafika pamutu, madzi akuda amene anakhala m'ngalande chilimwe chonse anagwedezeka, n'kuyamba kuyenda. Ana anawathamangira m'mphepete mpaka kukhota.

Misozi anapeza bambo ake akupukuta thukuta ndi chipewa.

"Atate, ndikufunsa zenizeni. Madzi akadzabwera, ikadzalira yodukizayo, mudzakwera kumtunda?"

"Ndidzakwera."

"Ndi miyendo yanu?"

"Ndi miyendo yanga. Koma womaliza. Wotsogolera gulu amatuluka anthu ake onse atatuluka." Analoza nyumba za m'mphepete mwa ngalande. "Paja pali gogo wosaona, apo pali mayi wa mapasa. Madzulo undiuze ena amene ukuwadziwa, tigawane ndi anzangawa."

Misozi anavomera ndi mutu.

"Manje choka pamenepo," anatero a Masauso, akutsikiranso m'ngalande. "Ukutchinga wilibala ya abwana ako."